Kulemba nkhani yopeka uli pa Joni: poyambira mpaka pokaitula

Amalawi takhala tikubwera ku Joni kwa zaka zoposa 100. Agogo athu adabwera pa Wenela ndi pa Theba kudzakumba golide, ndipo ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kumudzi, Kamuzu adaletsa zolemba anthu ntchito za kumigodi. Ulendowo sudathe, udangosintha njira. Lero ndi basi ya pa Park Station, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza. Nyimbo za matchona tili nazo, nkhani za m'basi ndi za pamaliro ndiye zosawerengeka. Koma kafunefuneni buku la nkhani zopeka la m'Chichewa lolembedwa ndi munthu amene adagonapo mumkuku ku Diepsloot kapena kusita malaya a bwana ku Sandton, mudzatopa nako kufunako.

Malangizowa ndi a munthu amene amagwira ntchito mpaka Loweruka, amalembera pafoni, ndipo zolembalemba adazisiyira pa Chichewa cha kusekondale. Zimenezo n'zokwanira kuyambira.

Choyamba, chepetsani mtolo

Ambiri amafuna kuyamba ndi buku la moyo wawo wonse, kuchokera tsiku lobadwa ku Mangochi mpaka dzulo. Mabuku otere amafera pamutu wachitatu. Yambani ndi nkhani yaifupi, ya mawu pakati pa 1,500 ndi 3,000, yochitika m'masiku ochepa, ya anthu awiri kapena atatu basi. Luso limene mukulisowa kwambiri panopa ndi lomaliza chimene mwayamba. Amene wamaliza nkhani zazifupi zisanu waphunzira kutsegula nkhani kasanu, kuiyendetsa kasanu ndi kuitseka kasanu, pamene mnzake amene ali pa tsamba 80 la buku losatha waphunzira kutsegula kokha. Bukulo lidzabwera nthawi yake.

Chachiwiri, pezani munthu mmodzi ndi chimene chikumusowetsa tulo

Musayambe ndi mutu ngati "mavuto a Amalawi ku South Africa" kapena "kuipa kwa nsanje". Imeneyo ndi mitu ya mtsutso wa pawailesi. Nkhani yopeka imayamba ndi munthu mmodzi amene akufuna chinthu china chake, ndipo pali chomutchinga.

Tiyeni tipeke limodzi. Mayi wina, timutche Nabanda, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Kwa zaka zinayi wakhala akutumiza ndalama pa Mukuru kwa achimwene ake ku Ntcheu kuti amumangire nyumba. Achimwenewo amamutumizira zithunzi pa WhatsApp: maziko, zipupa, kenaka malata. Tsiku lina Nabanda akuona mtengo waukulu wa mango kuseri kwa nyumbayo, pamene pamalo amene malume adamupatsa padalibe mtengo uliwonse. Nkhani yayamba pamenepo.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi, yankhani mafunso awa papepala. Nabanda akufuna chiyani? Musayankhe kuti "chilungamo", yankhani kuti akufuna kudziwa ngati nyumba ya pachithunzi ndi yake. Chikumutchinga n'chiyani? Sangangokwera basi kukaona yekha, chifukwa masiku a mupasipoti adatha kalekale, ndipo akadziwonetsa pachipata amudinda chidindo chomuletsa kubwereranso mpaka zaka zisanu. Akafunsa anthu akumudzi, nkhani ifika kwa mayi ake amene akudwala BP. Akangokhala chete ataya chiyani? Ndipo iyeyo wabisa chiyani? Mwina kumudzi adawauza kuti amagwira ntchito muofesi. Munthu amene ali ndi bodza lake amavutika kufunsa za bodza la mnzake, ndipo kuvutika kumeneko ndiye nkhani.

Achimwenenso apatseni mlandu wawo. Mukawalemba ngati chidakwa chongomwera ndalama za mlongo wake, owerenga adziwa mathero pa tsamba loyamba. Nanga bwanji ngati theka la ndalamazo lidapita ku feteleza chaka cha njala ndi kuchipatala mayi atagonekedwa, iwo n'kuchita manyazi kunena, n'kukajambula nyumba ya mphunzitsi wa pafupi poganiza kuti abweza fodya akagulidwa? Tsopano owerenga sadziwa woti amukwiyire. Pamenepo ndiye mwawagwira.

Chenjezo limodzi lokhudza ifeyo a kuno: nkhani zambiri muzitola kwa anthu enieni, ena opanda mapepala, ena okhala ndi banja lina kuno ndi lina kumudzi. Kusintha dzina kokha sikukwanira. Sinthani boma lochokera, ntchito, dera lokhala, kuchuluka kwa ana, mwinanso mwamuna asanduke mkazi. Tengani anthu atatu muumbe mmodzi. Amalawi a pa Joni timadziwana kuposa mmene timaganizira, ndipo nkhani yanu isakhale chifukwa choti wina akagone ku Lindela, kumene amasungira ogwidwa opanda mapepala asanawabweze kwawo, kapena ukwati wake uthe.

Chachitatu, nthawi ndi polembera

Tsiku lopuma loti mukhale pansi n'kulemba kuyambira m'mawa mpaka madzulo silidzabwera. Lamlungu kuli tchalitchi, kuchapa ndi msonkhano wa bungwe la maliro. Dzipatseni mawu 300 pa tsiku. Ndi ochepa, theka la ola latha, koma masiku khumi akakwana muli ndi mawu 3,000. Ena zimawayendera m'bandakucha asanapite kukaima pamzere wa taxi, ena nthawi ya nkhomaliro, alonda ndiye ali ndi usiku wonse.

Pa siteji ya taxi ya Bree kapena ya Noord musatulutse foni kuti mulembe ganizo limene lakufikirani, mudziwa nokha chifukwa chake. Yendani ndi kope laling'ono ndi bolopeni m'thumba. Mmenemo lembani zimene makutu atola: mmene mayi wogulitsa usipa ndi chigwada ku Yeoville amaitanira kasitomala, mmene mnyamata wa mushopu ku Fordsburg amasinthira mawu akamayankha bwana wake, zimene anthu amakangana pa Park Station katundu akamakwezedwa mungolo ya basi. Zinthu ngati zimenezi simungazipeke muli pabedi.

Polemba pafoni gwiritsani ntchito Google Docs, imene imalola kulemba ngakhale data itatha, n'kudzasunga zonse paintaneti mukalumikiza. Thimitsani autocorrect, apo ayi izisandutsa Chichewa chanu kukhala Chingerezi chopanda mutu. Ndipo Loweruka lililonse dzitumizireni nkhaniyo pa imelo. Mafoni kuno amapita, ndipo foni mukhoza kugula ina koma nkhani simungaikumbukire mmene idalili.

Ulendo woyamba lembani osayang'ana m'mbuyo. Mukasowa dzina la msewu kapena mawu oyenera, ikani nyenyezi n'kupitirira. Kukonza kuli ndi nthawi yake.

Chachinayi, lowani nkhani ili mkati

Tonse tidaphunzira kutsegula chimangirizo chonchi: "Kunja kudacha bwino, mbalame zinkaimba mokoma, ndipo dzuwa linkawala." Kenaka munthu amadzuka, kusamba, kumwa tiyi, ndipo chochitika chenicheni chimadzafika pa tsamba lachitatu. Owerenga a pafoni safika pa tsamba lachitatu. Yambani pamene zinthu zasokonekera:

"Pachithunzi chachitatu m'pamene Nabanda adauona mtengo wa mango. Adachikulitsa ndi zala ziwiri, ayironi ili chikhalire pa malaya a bwana. Kwawo ku Nsipe, pamalo amene malume adamuloza ndi ndodo, padalibe mango."

Taonani zimene ziganizo zitatuzi zanyamula popanda kufotokoza. Tadziwa ntchito yake, tadziwa kwawo, tadziwa kuti pali chokayikitsa, ndipo pali malaya amene akupsa. Sitidalembe kuti "adakhumudwa kwambiri" kapena "mtima wake udasweka". Ayironi yoiwalikayo yanena zonse. Paliponse pamene mwalemba kuti munthu adakwiya, adachita mantha kapena adasangalala, dzifunseni kuti: akanakhala pamaso panga, ndikanaona chiyani? Manja ake akuchita chiyani? Lembani chimenecho.

Sankhaninso wofotokoza nkhani. Mukalemba kuti "ndidauona mtengo", Nabanda akudzifotokozera yekha, ndipo simungatiuze zimene achimwene akuganiza ku Ntcheu. Mukalemba kuti "adauona", muli ndi mpata wokulirapo, komabe kwa woyamba kumene ndi bwino kukhala m'mutu mwa munthu mmodzi mpaka nkhani ithe. Chimodzimodzi nthawi: ngati mwayamba ndi "adapita, adaona", musadumphire ku "anapita, anaona" pakati panjira.

Chachisanu, anthu alankhule ngati anthu

Pano m'pamene nkhani zambiri zimagwera. Anthu a m'nkhani amauzana zinthu zimene onse awiri akuzidziwa kale: "Monga ukudziwa mlongo wanga, wakhala ukunditumizira ndalama kwa zaka zinayi." Palibe amalankhula choncho. Ife Amalawi makamaka, nkhani ikakhala yolemera timaizungulira. Mvetserani:

"Achimwene, mango aja mudabzala liti?"

"Mango ati?"

"Ali kuseri kwa nyumbayo."

"Netiweki ikuvuta kuno, mlongo. Mayi akupereka moni."

Palibe watchula ndalama, palibe wanena kuti wina ndi wakuba, koma onse awiri adziwa kuti chinsinsi chaululika, ndipo achimwene aponya dzina la mayi kuti likhale chishango. Zokambirana zabwino zimayenda chonchi: chimene chikunenedwa n'china, chimene chikumenyedwa n'china.

Chichewa chili ndi chida chimene Chingerezi chilibe. Nabanda wakhala akunena "inu" kwa achimwene ake moyo wake wonse. Tsiku limene adzati "iwe", simudzafunika kulemba kuti ubale wasweka. Sungani kusintha kumeneko mpaka pamene kukufunikadi, ndipo kuchitike kamodzi.

Nanga zilankhulo za kuno? Dalaivala wa taxi amalankhula Chizulu, dona Chingerezi, anzathu a ku Mangochi akakumana ku Mayfair amacheza m'Chiyao, a ku Mzimba ndi Nkhata Bay m'Chitumbuka ndi Chitonga. Maganizo anga ndi akuti muponye liwu limodzi kapena awiri oti owerenga amve fungo la malowo, zotsalazo mulembe m'Chichewa. Dona akhoza kulankhula Chichewa papepala, owerenga adziwa okha kuti zidanenedwa m'Chingerezi. Muyeso wake ndi uwu: azakhali anu a ku Ntcheu amene sadafikepo pa Beitbridge athe kutsatira osafunsa munthu. Koma musayeretsenso kwambiri mpaka mnyamata wa ku Hillbrow kumalankhula ngati buku la Sitandade 8. Ngati amati "ndili pa piece job", mulekeni atero.

Chachisanu ndi chimodzi, siyani ulaliki

Pa malangizo onsewa, awa ndi amene ndingakakamire. Zolemba zathu zidabadwira kumishoni ndipo zidakulira m'kalasi. Buku la Nthondo, limene Samuel Josiah Nthara wa ku Nkhoma adapata nalo mphotho mu 1933 ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira, ndi mbiri ya munthu wopulupudza amene pamapeto pake adatembenuka mtima. Mabuku ambiri amene adatsatira adalembedwa ndi diso loyang'ana silabasi, chifukwa msika waukulu wa buku la Chichewa udali sukulu. Pamayeso ankatifunsa kuti "tchulani phunziro limene likupezeka m'nkhaniyi". Nthano za agogo nazo zinkathera pamwambo. Sindikunyoza zimenezi, zidatilera. Koma zidatisiyira chizolowezi choganiza kuti nkhani iliyonse ndi khoti, ndipo mlembi ndi woweruza.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mtsikana akapita kutauni, adwala n'kufa. Mwamuna akasiya mkazi kumudzi n'kukwatira wa ku Soweto, abwerera m'bokosi. Wakuba agundidwa ndi galimoto tsiku lomwelo. Kenaka ndime yomaliza imati: "Choncho abale anga tiyeni tipewe..." Owerenga amene ali pa Joni amadziwa kuti moyo suyenda choncho. Amadziwa anthu odya ndalama za abale awo amene ali bwinobwino ndipo ndi akuluampingo. Amadziwa mayi wokhulupirika amene adabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi. Mukawanamiza kuti dziko limalanga oipa Lachisanu lililonse, asiya kukukhulupirirani, ndipo nkhani yosakhulupirika siphunzitsa munthu ngakhale phunziro lomwe mumafunalo.

Mathero abwino amachokera pa chisankho cha mwini nkhani, osati pa mphenzi, ngozi kapena maloto. Bwererani kwa Nabanda. Mwezi watha, walandira malipiro, waima pamzere potumizira ndalama. Akudziwa tsopano kuti nyumba kulibe. Akudziwanso kuti mankhwala a mayi amagulidwa ndi achimwene omwewo. Atumiza kapena satumiza? Atumiza zingati, ndipo kwa yani? Chilichonse chimene angachite chimutayitsa kanthu. Mukafika pamenepo tiwonetseni chimene wachita, n'kuima. Ndime imene ikukuyabwani kuti muwonjezere, yofotokoza tanthauzo la zonsezi, ilembeni ngati mukufuna, kenaka muifufute. Owerenga akakangana okhaokha kuti Nabanda adalakwa kapena sadalakwe, ntchito yanu yatheka.

Miyambi nayo isamaleni. Mwambi ukhale m'kamwa mwa munthu amene angaunenedi, pa nthawi imene akufuna kupambana nawo mkangano kapena kuthawa funso. Ukachoka kwa mlembi kupita kwa owerenga, wasanduka ulaliki womwe uja.

Chachisanu ndi chiwiri, werengani ngati mmisiri

Simungalembe nkhani zazifupi musanawerenge nkhani zazifupi zambiri. Za m'Chichewa kuno n'zosowa, choncho wina akamabwera pabasi mutumeni mabuku m'malo mwa ufa wokhawokha. Funani a John Gwengwe, E.J. Chadza, Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi. Ena mudawawerenga pokonzekera mayeso, koma tsopano muwawerenge ndi funso lina: chiganizochi adachimanga bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani mutuwu wathera apa?

Mu mzinda muno muli zambiri. Johannesburg City Library, nyumba ya 1935 ija ili pa Beyers Naudé Square, idakhala yotseka kwa zaka zingapo koma idatsegulidwanso mu 2025, ndipo kukhala pansi n'kuwerengera momwemo salipiritsa. Mu Commissioner Street muli Collectors Treasury, sitolo ya mabuku akale yodzaza nyumba yosanja mpaka pamasitepe, ndipo m'misewu yozungulira Park Station muli ogulitsa mabuku pansi amene mungatsitsane nawo mtengo. Funani nkhani za Can Themba, amene ankalemba za ku Sophiatown m'zaka za m'ma 1950, kuti muone mmene nkhani ya masamba ochepa imalasira. Welcome to Our Hillbrow ya Phaswane Mpe, ya mu 2001, ikuwonetsani mmene eni dziko amationera ife obwera, ndipo ndi yaifupi. Niq Mhlongo amalemba za ku Soweto m'chilankhulo cha mumsewu osachita nacho manyazi. Paintaneti, The Johannesburg Review of Books imawerengedwa ulere.

Nkhani ikakukomerani, iwerengeni kachiwiri muli ndi pensulo. Chongani pamene chochitika chilichonse chayambira ndi pamene chathera, muwerenge kuti zilipo zingati. Mudzadabwa kuti nkhani zambiri zamphamvu zili ndi zochitika zinayi kapena zisanu zokha. Tsamba limene lakugwirani mtima likopereni pamanja m'kope mwanu, kuti dzanja limve kayendedwe kake. Zokoperazo zikhale za m'kope momwemo, zisalowe m'nkhani yanu.

Chachisanu ndi chitatu, kukonza

Mukamaliza, isiyeni nkhaniyo sabata ziwiri osaitsegula, muyambe ina. Pobwerera iwerengeni mokweza, kapena dzijambuleni pa voice note n'kumvetsera muli m'taxi. Pamene lilime lapunthwa pali vuto. Pamene inu eni ake mwayamba kuganiza zina, owerenga adachoka kale. Dulani osamva chisoni. Nthawi zambiri ndime ziwiri zoyamba ndi ndime yomaliza zimayenera kupita, pamodzi ndi "kwambiri", "zedi" ndi "mwadzidzidzi" ambiri amene mudawaza.

Kenaka kalembedwe. Chichewa cha pa WhatsApp, cha "kt" ndi "ndakuona dzulo lija bwanj", chisalowe. Malamulo a kalembedwe alipo kuyambira nthawi ya Chichewa Board, imene idakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchitoyo idapitirira ndi Centre for Language Studies ku Zomba kuyambira 1996. A Centre for Language Studies ndi amene adatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Palinso dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi ya Steven Paas, imene Oxford idasindikiza mu 2016. Pezani imodzi mwa ziwirizi. Mkonzi akaona zolakwika zisanu m'ndime yoyamba sapitirira, ngakhale nkhaniyo ikhale yokoma chotani.

Tsopano ipatseni anthu awiri kapena atatu. Osati mkazi wanu kapena mnzanu wapamtima, amenewo angoti "zili bho". Ndipo musafunse kuti "mwaiona bwanji?" Funsani kuti: mudayamba kutopa pati? Ndi pati pamene simudamvetse? Ndani amene simudamukhulupirire? Akamayankha khalani chete, musadziteteze, chifukwa owerenga a ku Lilongwe simudzakhala nawo pafupi kuti muwafotokozere zimene mumatanthauza. Anthu awiri akaloza malo amodzi, pamenepo pali vuto ndithu, ngakhale mankhwala amene akupereka atakhala olakwika.

Mukapeza anzanu atatu kapena anayi olemba, muzikumana kamodzi pamwezi, kaya ku Zoo Lake kaya pakhonde la tchalitchi mapemphero akatha, aliyense atabweretsa masamba ake. Gulu la alembi la ku Chancellor College limene lidayamba mu 1970, kumene kudachokera Jack Mapanje ndi Frank Chipasula, linkachita zomwezi: kukhala pansi, kuwerengerana ndi kudzudzulana. Jozi Book Fair, imene Khanya College imakonza mumzinda muno kuyambira 2009, ndi malo abwino okumanirako ndi olemba ena ndi osindikiza ang'onoang'ono.

Chachisanu ndi chinayi, kokaitula

Nkhani ya m'Chichewa ili ndi njira zingapo. Nyuzipepala za kumudzi zili ndi zigawo za Chichewa, Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News. Pemphani wina akujambulireni masamba ake a masabata angapo, muone zimene amasindikiza ndi utali wake musanalembere mkonzi. Tsatiraninso zilengezo za Malawi Writers Union, bungwe la alembi limene lakhala likuchititsa mipikisano ya nkhani zazifupi. Ngati mumalemba za ana, African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la mu Johannesburg momwe muno, imalola munthu kulemba ndi kuika kabuku ka ana paintaneti m'zilankhulo za mu Africa, Chichewa chomwe.

Njira yachangu ndi Facebook, kumene nkhani za zigawozigawo zili ndi owerenga ochuluka zedi. Ubwino wake mumadziwa tsiku lomwelo ngati anthu akutsatira. Koma malizani nkhani yonse musanaike gawo loyamba, apo ayi ndemanga za anthu ndi zimene zizikulemberani mathero. Dziwaninso kuti mipikisano yambiri imaona nkhani yoikidwa pa Facebook ngati yosindikizidwa kale. Imene mukuiona kuti ndi yamphamvu kuposa zonse, isungeni.

Mipikisano ikuluikulu imafuna Chingerezi, koma ina imalandira nkhani yomasuliridwa kuchokera ku chilankhulo china, ndiye mukhoza kulemba m'Chichewa n'kumasulira pambuyo. Commonwealth Short Story Prize salipiritsa polowa, imafuna nkhani yosasindikizidwa ya mawu 2,000 mpaka 5,000, imatsegulidwa pa 1 September n'kutsekedwa pa 1 November. Wopambana m'chigawo cha Africa amalandira £2,500, wopambana onse £5,000, ndipo nzika ya Malawi ikhoza kulowa ili kulikonse. Caine Prize, imene idayamba mu 2000, mphotho yake ndi £10,000, koma imafuna nkhani yosindikizidwa kale ndipo amatumiza ndi wosindikizayo, osati inu. Mmalawi mnzathu Stanley Onjezani Kenani adafika m'ndime yomaliza ya mpikisanowu kawiri, mu 2008 ndi 2012. Malamulo amasintha, choncho awerengeni chaka chimene mukulowacho, ndipo muwatsate ndendende: akati mawu 5,000, nkhani ya mawu 5,200 saiwerenga n'komwe. Kukanidwa kudzachuluka kuposa kulandiridwa. Lembani m'kope kumene mwatumiza ndi tsiku lake, ikabwerera muionenso n'kuitumiza kwina.

Pomaliza, mukafuna buku la m'manja

Nkhani zikakwana khumi kapena khumi ndi ziwiri mukhoza kuzisonkhanitsa n'kudzisindikizira. Umwini wa zolemba zanu simuchita kukalembetsa kulikonse: lamulo la South Africa la 1978 limakutetezani kuyambira pamene mwalemba, ndipo kumudzi za umwini amayang'anira ndi a COSOMA. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, imene masitolo ndi malaibulale amafuna, kuno imaperekedwa ulere ndi National Library of South Africa, ndipo ku Malawi imachokera ku National Archives ku Zomba. Wina akakuuzani kuti mulipire ndalama zambiri kuti akupezereni nambalayi, dziwani kuti akukudyerani. Lamulo la 1997 limafunanso kuti buku losindikizidwa kuno liperekedweko ku malaibulale osungira mabuku a dziko, ndiye potenga ISBN funsani kuti mupereke makope angati ndi kuti.

Samalani ndi makampani amene amayamikira buku lanu asanaliwerenge, kenaka n'kukutumizirani mtengo. Wosindikiza weniweni amasankha, amakonza ndipo amakulipirani inuyo. Amene mukumulipira inu ndi wopulinta chabe, ndipo palibe cholakwika kugwiritsa ntchito wopulinta, bola mudziwe chimene mukugula ndipo musasayine pepala lomupatsa umwini wa nkhani zanu. Funsani mitengo malo atatu. Yambani ndi makope 50, osati 1,000 oti adzadyedwe ndi chinyezi pansi pa bedi. Ogula oyamba ndi a kutchalitchi, a kumzikiti ndi a m'bungwe la maliro, ndipo ena mukhoza kupatsira wa basi kuti akafike ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Musanalole kuti makina ayambe, pemphani kope limodzi loyesera ndipo muliwerenge lonse, tsamba ndi tsamba, ndi munthu wina wodziwa Chichewa. Woyala masamba pa Joni sadziwa chilankhulo chathu: kompyuta yake imadula mawu pakati pomwe siyenera, imameza tizizindikiro ta mu "ng'ombe" ndi "n'kupita", ndipo iye sangaone kuti palakwika. Muuzeni athimitse zodula mawu kumapeto kwa mzere, ndipo zolakwika zonse mumulembere pamndandanda wotchula tsamba ndi mzere wake.